Kudza kunapita kuti? Mbiri ya timawu tating'ono ta m'Cinyanja

Munthu akanena kuti "ndidzapita ku Moatize mawa", palibe amene amadabwa. Koma tamvetserani bwino mawuwo. M'kati mwa "ndidzapita" muli aneni awiri oyang'ana kosiyana. Pali kupita, ndiye pali -dza-, amene ndi mneni wakale uja kudza, kutanthauza kubwera. Tikanati tiwamve monga mmene makolo akalekale ankawamvera, bwenzi tikuseka: munthu angabwere bwanji uku akupita? Sitiseka cifukwa -dza- ameneyu anasiya kale kuyenda ndi miyendo. Nchito yake lero ndi kutiuza kuti cinthuco sicinacitike, cikadali kutsogolo.

Ndalemba nkhaniyi cifukwa ca mkangano umene sutha kuno kumalire. Pa wailesi akuluakulu amaimba foni kudandaula kuti acinyamata akudya mawu, akuti "nizapita" ndi "sinkudziwa" m'malo molankhula bwinobwino. Ena amene anaphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo amati Cinyanja ca kuno n'cosokonekera, calowa Cinyungwe ndi Cipwitikizi. A kuno nawo amati obwerera aja anabwera ndi Cicewa ca m'mabuku. Kale zimenezi zinali zokambirana pa bawo, koma tsopano poti ana ena akuphunzira m'cinenero cawo kusukulu, funsoli lafika m'kalasi: mphunzitsi aconge ziti, akhwace ziti? Tisanayankhe, ndi bwino tidziwe kumene timawu timene tikukanganiranati tinacokera.

Akatswiri a zinenero ali ndi dzina la zimene zinacitikira kudza. Mfalansa wina, Antoine Meillet, anazichula kuti grammaticalisation m'nkhani imene analemba mu 1912. Dzinalo n'lolemera pakamwa koma mfundo yake njapafupi. Mawu amene anali ndi tanthauzo lawolawo, kaya mneni kaya dzina la cinthu, akamagwiritsidwa nchito tsiku ndi tsiku pafupi ndi mawu ena amaperepeseka ngati khasu. Coyamba kufwifwa ndi tanthauzo, kenako kachulidwe kamafupika, ndipo pomaliza kamawuko sikathanso kuima pakokha, kamangomatirira ku mawu ena n'kumathandiza kumanga ciganizo.

Angerezi ndi Apwitikizi ali ndi mwayi pofufuza zimenezi cifukwa zolemba zawo n'zakale. Cingerezi cakhala cikulembedwa kwa zaka zoposa 1,000, ndipo kholo la Cipwitikizi, Cilatini, linasiya mabuku ambirimbiri. Zathu n'zadzana. Ca m'ma 1853 mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann, anakumana kufupi ndi Mombasa ndi munthu wogwidwa ukapolo, dzina lake Salimini, wocokera ku cigawo capakati ca Malawi wa lero. Mawu amene Salimini anamuuza anatuluka m'buku lotanthauzira mawu mu 1877, Rebmann atamwalira kale. Alexander Riddel anatulutsa galamala yake mu 1880, David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre anatulutsa buku lalikulu la mawu a Cimang'anja mu 1892, Buku Lopatulika linatha mu 1922, ndipo ku mbali yathu ino ansembe a Cijezuiti anasindikiza buku la mawu a Cinyanja ndi Cipwitikizi ku Lisboa mu 1963. Zaka 170 n'zocepa pa moyo wa cinenero. Komabe tili ndi mboni zina ziwiri zimene sizifuna laibulale. Yoyamba n'njakuti mawu akale safa tsiku limene atsopano abadwa. Amakhala limodzi m'kamwa mwathu, agogo ndi mdzukulu pa mphasa imodzi. Yaciwiri ndi zinenero za anansi athu, ndipo pa msika wa Zóbuè munthu amamva zitatu kapena zinayi asanagule n'komwe kacewere.

Tiyambe ndi agogowo. Kudza akadalipo ngakhale wakalamba. Timamumva m'mapemphero, timamumva gogo akamati "idzani kuno", timamumva m'miyambi: cakudza siciimba ng'oma, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Apa ndi mneni wathunthu, woima payekha. Tsopano tamvani mayi akuitana ana: "Bwerani mudzadye." Apa -dza- wamatirira ku kudya, koma ulendo ukadalimo, cifukwa anawo ayenera kucoka kumene ali n'kufika pamene pali nsima. N'cimodzimodzi ndi "ndadzatenga khasu langa": ndabwera, ndipo cimene ndabwerera ndi khasu.

Pamene zinthu zinatembenukira ndi pa ziganizo ngati ici: "Mubwere Laciwiri mudzatenge ndalama zanu." Kodi -dza- ameneyu akunena za kubwera kapena za Laciwiri? Akunena zonse ziwiri, ndipo palibe cifukwa cosankhira. Munthu wobwera kudzacita cinthu amacicita atafika, ndiye kuti mtsogolo. Ana amene ankamva ziganizo zotere kambirimbiri anayamba kumva nthawi kuposa ulendo, ndipo iwo atakula analankhula zimene makolo a makolo awo sakanalankhula: mvula idzagwa, mwanayu adzakula, tonse tidzafa. Pofa munthu sacita kubwera. Umboni womaliza wakuti tanthauzo lakale latheratu ndi wakuti tingathe kunena "adzabwera", ngakhalenso "adzadza", popanda womva kuganiza kuti tacita cibwibwi.

Mnzake wa -dza-, amene ndi -ka-, sanafike patali conco. Iye akadali ndi fumbi kumapazi. Mukati "ndikagula ufa ku Zóbuè" ndiye kuti mucoka pano. Simunganene "ndikagula" za cinthu cimene mugule muli pompano.

Anansi athu anayenda njira zofanana. Mnyungwe wa ku Moatize amati "an'dzabwera", ndipo -dza- wake ndi yemweyu. Amene anagwirako nchito ku Joni akudziwa kuti Mzulu amati "ngizohamba", ndidzapita, ndipo -zo- ameneyo anacokera ku ukuza, kubwera. Mswahili anatenga njira ina. Iye amati "nitakwenda", ndipo -ta- wake ndi cidutswa ca kutaka, kufuna. Musafulumire kunena kuti zimenezo n'zacilendo, cifukwa ifenso tayamba kale ulendo womwewo. Timati khoma likufuna kugwa, foni ikufuna kuzima, mwana anafuna kufa ndi malungo. Khoma lilibe mtima woti lifune kanthu, ndipo mwanayo imfa sankaifuna. Kufuna kwayamba kutanthauza "kutsala pang'ono". Kachulidwe kokha ndi kamene sikanafupike.

Njira ya kufunayi ndi imenenso Cingerezi cinadutsa. Mwana wa sukulu ku Mwanza amaphunzitsidwa kuti will ndi kamawu kosonyeza mtsogolo. Zaka 1,000 zapitazo mawuwa anali willan, mneni wathunthu wotanthauza kufuna. Tanthauzo lakalelo linatsalira m'mawu amene ifenso tinabwereka, wilo, cikalata conena zimene munthu akufuna kuti zidzacitike ndi cuma cake akadzamwalira. Will ataperepeseka mpaka kutsala kamcira kokha, monga mu I'll, Angerezi anayamba kugwiritsa nchito mneni wa kupita. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 going to anayamba kuoneka m'zolemba akunena za mtsogolo, ndipo lero amati it is going to rain ngakhale mvula sipita kulikonse. Pakamwa pa anthu zafupika kale kukhala gonna, mawu amene mphunzitsi wa Cingerezi amakhwacha ndi colembera cofiira, uku I'll akumulola. Kusiyana kwa awiriwa ndi msinkhu basi.

Cingerezi cinasinthanso m'njira zina zazikulu. Kale mayina ake anali ndi timicira tosonyeza amene wacita ndi amene wacitiridwa, conco mawu ankatha kusinthana malo m'ciganizo. Timicirato tinayamba kuthothoka, ndipo m'zaka mazana angapo pambuyo pa 1066, caka cimene Anormani a ku France analanda England, tinatha pafupifupi tonse. Kucokera pamenepo malo a mawu m'ciganizo ndi amene anayamba kunena amene waluma ndi amene walumidwa. Mneni do, amene ndi kucita, nayenso anapatsidwa nchito yatsopano yofunsira mafunso ndi kukanira. M'nthawi ya William Shakespeare, amene anamwalira mu 1616, munthu ankatha kufunsa kuti know you kapena do you know, zonse zinali zololedwa. Pofika zaka za m'ma 1700 njira yaciwiri inali itapambana.

Cipwitikizi ndiye cimaonetsa bwino kuti gudumuli limazungulira. Anthu wamba olankhula Cilatini ankati cantare habeo, ngati kunena kuti "ndili nako kuimba", ndiye kuti ndiyenera kuimba. Mawu awiriwo anamatana n'kukhala cantarei, ndidzaimba. Msoko wake umaonekabe m'zikalata za boma, mmene amalemba far-se-á kapena dir-lhe-ei, kulowetsa kamawu kena pakati penipeni pamene mawu awiri aja analumikizirana. Koma pa msika wa Moatize ndani amati comprarei? Aliyense amati vou comprar, kutenganso mneni wa kupita monga anacitira Angerezi. Ndipo você amene timaitanirana mosaganizira n'komwe anali vossa mercê, mawu aulemu waukulu olankhulira kwa mafumu ndi mabwana.

Tibwerere kwathu, kwa akuluakulu odandaula aja. Iwo amati, "Anawa akuononga cinenero." Tayang'anani mawu akuti "akuononga". Ndi ofupikitsidwa. Athunthu ake ndi "ali kuononga". Poyamba panali mneni -li wonena za malo: ali kumunda, ali kudambo. Kenako malowo anakhala nchito imene munthu alipo: ali kulima, ali kuwedza. Amene amawerenga Buku Lopatulika lakale lija akudziwa kuti ladzaza ndi mawu omangidwa ngati alikunena ndi alinkudza, -li akadali pamalo pake. Mibadwo yocepa yokha yapitapo, ndipo -li uja wagwa: akunena, akulima. Timamupezabe tikamanena zakale, "anali kulima", komanso pakamwa pa agogo ena amene mpaka lero amati "ndili kubwera". Cinyungwe cinasunga kacidutswa kena: pamene ife timati "zikucitika" iwo amati "bzinkucitika", ndipo n ameneyo amatikumbutsa alinkudza uja. Conco mkulu wonena kuti "akuononga" akudya mawu amene agogo ake ankachula onse. Mdzukulu wake akati "nkubwera" m'malo mwa "ndikubwera", wangoluma pamene agogo analuma kale.

Ngakhale -nka- wa mu "ankalima" ine ndimamvamo kunka, kumuka, mneni wina wa ulendo amene timamugwiritsabe nchito tikamati zinthu zikunka ziipiraipira. Mnyungwe pamenepa amati "akhalima".

Kamawu kamene kanayenda ulendo wautali kuposa tonse ndi kuti. Sindikunena kuti wofunsa malo, wa mu "mukupita kuti?", amene ndi m'bale wa liti, uti ndi ziti. Ndikunena kuti amene ndamulemba kale kambirimbiri m'nkhani ino. Iyeyu ndi mneni -ti, kunena. Timamuona bwino mu "amfumu anati, bwerani mawa". Makolo ankakonda kuphatikiza aneni awiri, "amfumu ananena kuti, bwerani mawa", ngati kunena kuti analankhula, nati. Pamenepo kuti anali khomo lolowera mawu enieni a munthu. Kenako khomolo linayamba kulowetsa mawu osakhala enieni: ananena kuti tibwere mawa. Kenako linalowetsa zimene sizinatuluke n'komwe pakamwa: ndikuganiza kuti abwera, ndinaona kuti kwada. Mpaka lero timati "ndatseka khola kuti mbuzi zisatuluke", pamene palibe walankhula, mwini khola kapena mbuzi.

Ndipo -ti anabala ana ambiri: poti, moti, zoti, woti, pakuti. Madzi oti timwe salankhula. Amatithandizanso kujambula zinthu ndi mawu, monga kunja kunangoti zii, mbale inati phwa. Mwana wake wina, akuti, ndi amene ife a pa wailesi timamuopa kwambiri. "Akuti malire atsekedwa." Akutero ndani? Poyamba a- ameneyo anali anthu odziwika, oti ungawaloze. Lero akuti ndi cishango ca munthu wofalitsa nkhani imene safuna kuiyankhira, ndipo nkhani ya akuti ikhoza kukweza mtengo wa kwacha kwa osintha ndalama dzuwa lisanafike pamutu.

Mukayamba kufukula motere simusiya. "Ndiye tinanyamuka" ali ndi ndi iye m'kati mwake, koma palibe iye amene akunenedwa. Popeza ndi kupeza, ngakhale palibe catayika. Ngakhale yemweyo ali ndi kukhala. Kutha kunali kumaliza, kenako kukwanitsa, "nditha kunyamula", ndipo tsopano kukayika, "atha kubwera mawa". Cifukwa linali dzina la mlandu kapena colakwa, monga timanenerabe kuti akungomupezera zifukwa. Kumbuyo kuli mbuyo, pamaso pa amfumu pali maso. Ndipo kudza uja anatisiyiranso mwana wina, kudzera, amene timamumva tsiku lililonse: uthengawu wafika kudzera pa wailesi.

Pali kamawu kamodzi kamene ife a kumalire tiyenera kukadziwa bwino, ndiko mpaka. Kanabwera kuno ndi amalonda a kugombe olankhula Ciswahili, pamodzi ndi basi. M'Ciswahili mpaka ndi dzina, ndipo tanthauzo lake ndi malire. Kunena kuti "ndiyenda mpaka Tete" kunali kunena kuti malire a ulendo wanga ndi Tete. Kucoka pa malire a malo kanafika pa malire a nthawi, mpaka mawa, mpaka kalekale. Kwa ife kanafika katavula kale tanthauzo la malire, n'cifukwa cake sitinena kuti tikukadinditsa pasipoti pa mpaka. Mawu athu akale a nchito imeneyi ndi kufikira, ocokera ku kufika, ndipo awiriwa akukhala limodzi popanda ndewu. Sindinamvepo mkulu aliyense akuimba foni kudandaula kuti mpaka ndi mlendo.

Malire enieniwo, amene magalimoto akuluakulu amafola pa Zóbuè kudikira kuwoloka, anabadwa pa pangano la Britain ndi Portugal la pa 11 Juni 1891. Anadula anthu a cinenero cimodzi n'kuwapatsa masukulu awiri. Kutsidya ana ankaphunzira kuwerenga m'Cinyanja, cimene boma la Kamuzu Banda linacisintha dzina kukhala Cicewa mu 1968. Kamuzu yemweyo ali wophunzira ku Chicago ndi amene anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala imene inatuluka mu 1937. Kuno sukulu ya boma inali ya Cipwitikizi cokhacokha, ndipo cinenero cathu cinkakhala kunyumba, kumunda ndi kuchalichi. Nkhondo itakula m'zaka za m'ma 1980, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a msinkhu wanga a kuno tinaphunzira a, e, i, o, u kumeneko. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera ndi kalankhulidwe ka m'mabuku a kutsidya, n'kupeza abale athu akulankhula mwina. Mkangano uja unayambira pamenepo.

Nthawi yomweyo Mozambique nayo inali itayamba kuganizira zinenero zake. Mu 1988 ku Maputo kunacitika msonkhano woyamba wokonza kalembedwe ka zinenero za dziko lino, motsogozedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Eduardo Mondlane, ndipo n'cifukwa cake kabuku kano kakulemba cinthu pamene a ku Malawi amalemba chinthu. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, Cinyanja kuno ku Tete ndi Cichangana ku Gaza, ndipo mu 2003 maphunziro otere anayamba kufalikira m'zigawo zonse. Koma onani cinthu cimodzi. Kalembedwe ka mbali zonse ziwiri kamalemba "akulima" ndi "adzalima" ngati mawu amodzi, ndipo palibe buku la sukulu limene limalamula mwana kubwezeretsa -li uja. Olemba malamulowo anajambula cinenero pamene cinali citafika m'nthawi yawo. Akanakhala zaka 100 m'mbuyo, bwenzi "akulima" ali m'gulu la zokhwachidwa.

Maganizo anga kwa aphunzitsi ndi awa. M'buku ndi pa mayeso mwana alembe "ndidzapita", cifukwa colembedwa ciyenera kumveka kwa wa ku Zóbuè, wa ku Ulónguè, wa ku Metangula ndi wa ku Chipata yemwe. Koma mwana wonena "nizapita" asauzidwe kuti ndi mbuli kapena kuti kwawo salankhula bwino. Alembereni pa bolodi mawu atatu, kudza, -dza-, -za-, aone yekha kuti iye ali kumapeto kwa mzere umene agogo ake ali pakati. Mwana wotero adzasunga kalembedwe koyenera mosavuta kuposa amene anangomenyedwa.

Za mas, porque, então ndi depois zimene zadzaza pakamwa pa acinyamata a ku Moatize, ine sizindisowetsa tulo kwenikweni. Mwina kamodzi mwa timeneti kadzakhazikika monga anacitira mpaka, tina tidzapita. Cimene cimandidetsa nkhawa n'cina. M'makomo ena a m'tauni makolo asiya dala kulankhula ndi ana awo Cinyanja kapena Cinyungwe, poganiza kuti Cipwitikizi cokha ndi cimene cidzawapezetse nchito ku migodi ya malasha. Mwana wa m'nyumba yotere amadziwa kupereka moni ndi kuchula nsima, koma sangamange ciganizo ngati "ndikanadziwa sindikanabwera". Amene amati "nizapita" timawu tonse tija ali nato ndipo akutigwiritsa nchito mpaka kutiperepesa. Uyu alibiretu coti aperepese.

Ndipo -za- ameneyu si wa ana a kuno okha. Ku Lusaka "nizabwela" ndi kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku ka akulu ndi ana omwe, ndipo ku Lilongwe ndi ku Blantyre "azabwera" amamveka paliponse. M'mauthenga a pafoni amene timalandira ku wailesi, olemba "tizamva" ndi "muzatiuze" akuculuka caka ndi caka, ndipo ena mwa iwo ndi anthu a imvi.